Dzina la Tamara Kuseri kwa Chitseko

Lolemba, 9 Sepitembala
Adona anenanso kuti kuno ku Area 10 analemba ntchito ine, osati ine ndi mwana. Tamara achoke pofika Loweruka. Ndaimbira achimwene a Lekani kumudzi, akuti abwera kudzamutenga. Pafoni akufunsa, “Masiye ali bwanji?” Kumudzi onse amamuitana choncho chimwalirireni bambo ake. Dzina la Tamara anamupatsa ndi bambo akewo, malemu a Nebert, palibenso china anamusiyira. Akakhalako chaka adzalikumbukira?

Lachiwiri, 10 Sepitembala
Ndayamba kumuphunzitsa kulilemba. Ine ndinalekeza Sitandade 3, koma zilembo zake ndikuzidziwa. Tikulembera makala a pambaula, pasimenti kuseri kwa khitchini. T ndamuuza kuti ndi mtengo woyanikira zovala. Ndinakolopa msanga adona asanabwere. Analira: “Amayi, mwafufutiranji dzina langa?”

Lachitatu, 11 Sepitembala
Wakana kugwira khala. Ndinamukalipira. Kenako wolira ndinali ine.

Lachinayi, 12 Sepitembala
A Lexon osamalira maluwa anatipeza. “Mayi a Tamara, dzanja la mwana mwaligwira ngati la wakuba kumsika! Musiyeni akhotetse yekha.” Ndinamusiya. M wake watuluka wopendekeka, komabe ndi M. Pa R akukanika. Mwina ndachedwa naye. Mwina kumudzi akangomubereketsa ana a eni, sukulu osaiona.

Lachisanu, 13 Sepitembala
Ndamugulira choko mumsika wa Lilongwe, ndachisokerera m'thumba la diresi lake. Walemba TAMA, basi n'kuthamangira gulugufe. Sindinamuuze kuti ndi mawa.

Loweruka, 14 Sepitembala
Apita. Achimwene anati, “Tiye Masiye, minibasi sidikira.” Iye n'kuyankha kuti “Ee.” Wavomera! Pageti ndinafuula dzina lake, koma agalu a adona anali kuuwa. Kaya anamva.

Lolemba, 16 Sepitembala
Adona akuti nditsuke chipinda chathu ndi makoma omwe, ati mwana uja anadetsa. Nditakankha chitseko, kuseri kwake pakhoma, m'munsi molekeza bondo langa: TAMARA. Lonse, ndi R yemwe, miyendo yake yotangadza. Kaya analemba liti, ali yekha.

Makoma atatu ndatsuka. Madzi azizira mundowa. Adona akuitana kukhitchini. Ndatsegula chitseko mpaka kukhoma kuti chiliphimbe, ndatsamiritsapo mbaula.