Zigoba za Anti Rosa

Lachinayi madzulo. Chiperoni chagwa tsiku lonse, nanenso mtima wanga sunakhazikike.

Aphunzitsi a ku mkombaphala anati sabata ino ana aphunzire za nyanja yamchere kunyumba. Ndinathira madzi ndi mchere m'beseni, n'kudula tinsomba pa katoni ya sopo. Tamanda wanga, wa zaka zinayi, analawa madziwo n'kulavula, tonse tinaseka. Kenaka anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi zigoba zisanu zoyera zomwe sindinazionepo. Anazindanditsa pamphasa n'kuyamba kuwerenga: "Um, dois, três."

Pakhomo pano palibe amene amalankhula Chipwitikizi.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezi?" ndinamufunsa.

"Anti Rosa. Kwawo kuli nyanja yeniyeni. Adadi anati ndisanene."

Loweruka lapitali bambo ake anamutenga pa njinga, amvekere akukamugulira nsapato ku Limbuli. Anabwerako dzuwa litapendeka, nsapato palibe, akuti saizi inasowa.

Lero bambo akewo ataweruka ku esiteti ya tiyi ndinawaonetsa zigobazo. "Izi zachokera kuti, bambo a Tamanda?"

"Ndinatola pamsika, kwa ogulitsa nsomba zouma."

Dzina lija sindinalitchule. Koma iwo anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, n'kumuuza kuti akasewere panja, kunja kukuwaza chonchi.

Mwina ndi m'bale wawo wa kutsidya kwa malire, poti kumeneko abale ndi ambiri ndipo ena sindiwadziwa. Koma ndi m'bale wanji woti mwana asamutchule kwa mayi ake? Mawa ndipita kwa alamu anga, ndikawafunse ngati kubanja kwawo kuli Rosa. Akangoti kulibe...