Maluwa pa Manda a Mayi

Mangochi Boma,
9 Ogasiti 1983

Achimwene Che Wadi,

Andilanda khadi la chipani, ndipo Lolemba likudzali akukandiweruza kwa tcheyamani ngati munthu wonyoza boma. Ine Atumani, chifukwa cholambula manda a mayi athu.

Salamu aleikumu. Muli bwanji ku Namwera? Bondo lija likukulolani kufika kumunda? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Akulemba ndi mwana wanu Asiatu, ndipo ndamuuza alembe momwe ndikuyankhuliramu, asasalaze mawu.

Lamulungu mkamwini wanga Macloud, mwamuna wa Asiatu, uja kalaliki wa boma, anatitenga kuti tikapitidwe mphepo ku paki ya boma kunyanja. Titafika ndinawazindikira malowo. Achimwene, ndi pamudzi pathu pakale, paja anatisamutsa. Pachipata anandifunsa khadi kuti ndilowe kwathu. Pamene tinkayanika usipa pano pali kapinga wometa ndi mipando ya simenti. Padoko pathu amuna ndi akazi akusambira pamodzi, ena akupalasa timabwato topanda ndi ukonde womwe, kungozungulira pamadzi ngati abakha.

Mlambe uja ulipo. Ndinayesa mapazi asanu ndi awiri kuchokera patsinde kulowera kuphiri, monga tinayesera tsiku la maliro, ndipo ndinapeza pamanda a mayi adzalapo maluwa ofiira ndi achikasu, ngati manda a kumishoni ku Malindi. Mayi Msilamu amene sanaphonyepo pemphero la swala! Macloud ndi Asiatu anali kugombe kujambulitsa. Ndinazula maluwa onse, ndinasalaza dothi ndi manja angawa, nkuyamba pemphero la Fatiha.

Ndisanamalize anandigwira mlonda ndi anthu a chipani. Akuti maluwawo anawadzala ngati malemba, mawu olandirira akuluakulu a boma amene akubwera mwezi uno, ndiye ine ndafafaniza theka lake. Ine ndinaona maluwa basi. Kusukulu sindinapondeko, inu mukudziwa, ndipo manyazi ndilibe nazo. Koma pamene pagona munthu amene anandibala sindingafunse wa mabuku.

Dzulo tcheyamani anati njira zilipo ziwiri. Ndigwade pamsonkhano, ndinene kuti ukalamba unandisokoneza mutu ndipo pamalopo palibe manda. Apo ayi, ndibweretse mboni imene inaona malirowo. Mkulu wa paki anati pamapu ake manda sakuonekapo. Ndinamufunsa ngati mapuwo analipo tsiku loika. Asiatu akuti funso limenelo ndi limene lakulitsa mlandu. Kaya.

Kugwada ndimagwadira Mulungu yekha. Ndipo ndikanena ndi pakamwa panga kuti palibe manda, ndiye kuti ndawataya mayi kachiwiri, azingowapondaponda anthu a mabotolo m'manja. Koma ndikakana popanda mboni, Macloud amuchotsa ntchito, amuuza kale, poti ndiye anandibweretsa. Ine andikweza galimoto ija imene okwera ake sabwerako msanga. Mkamwini sakundiyang'ananso kumaso, ngakhale chakudya akundipatsa. Mwana wanuyu ndi woyembekezera, ndipo apa akulemba akupukuta misozi.

Onse amene ananyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, anatha. Shehe nawo anapita. Mlongo wathu Mwanabibi anatsala pakhomo ndi azimayi anzake, kumanda sanafikeko. Mwatsala inu nokha, amene munalowa m'dzenje nkuwagoneka mayi nkhope kuloza ku kibula, kumene timayang'ana popemphera.

Ndikudziwa kuti chikanganirane za munda wa kudambo sitinadyerenso m'mbale imodzi. Sindikunena kuti ndinalakwa ndine. Zimenezo tidzakamba tsiku lina. Koma chibale ndi fupa, sichiola, ndipo chibadwire sindinakupemphenipo kanthu kufikira lero.

Moni kwa alamu a Amida, kwa Mwanabibi, kwa ana ndi adzukulu onse. Mwanabibi musamuuze za galimotoyo, mtima wake ndi wofooka. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi kuti ikupezeni mawa lomwe.

Che Wadi, kwerani basi ya Loweruka m'mawa. Muvale mkanjo wanu woyera, khadi lanu musaliiwale. Musatume munthu, musayankhe ndi kalata. Bwerani inuyo, mudzaloze ndi chala chanu pamaso pa tcheyamani pamene munawagoneka mayi.

Ndine mng'ono wanu,
Atumani
Chidindo cha chala changa ndi ichi.