Kamzere Koyera m'Chifuwa cha Tiyanjane

Okondedwa Amama,

Muli bwanji ku Katete? Miyendo inaleka kuwawa? Ine nilemba nili m'chipatala.

Pa Chiwiri dilamu ya manzi inagwa pa wilibala n'kumenya Tiyanjane pachifuwa. Chilonda panalibe, koma anali kupuma movutika. Ba landilodi anati, "Muthoweni chabe na manzi otentha." Ninakana, ninamubereka n'kuthamangira naye kuno ku chipatala.

Ba dokota anabweretsa pa bedi pomwepo makina monga aja ananipimira mimba. Mdzukulu wanu ati, "Amami, nanenso nili na mwana?" Onse anaseka, ine nili kulira.

Ananionetsa pa galasi kamzere koyera. Kumanzere kanali kuyenda mwana akapuma, kumanja kanangoima. Anati mpweya watuluka m'phapo n'kulipanikiza, ndipo anamuika kapaipi pachifuwa kotulutsira mpweyawo.

Lelo pomupimanso, ba dokota asanakambe kanthu, ninakuwa kuti, "Kayenda!" Iwo anati, "Mwaona bwino, amayi." Ine amene sukulu ninalekera giredi faifi, Amama!

Kapaipi akalibe kuchotsa, ndiye mantha akalipo. Uzani azimayi a ku tchalitchi amutchule dzina popemphera. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Esnati