Anandiululitsa zibwenzi mwana akubanika

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, mkamwini kuno ku Chiringa kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Wotchi yanga siinama, inenso sindinama. Nkhaniyi musaidule.

Pa 9 Okutobala 1994, mkazi wanga Fainess matenda a uchembere anamuyamba 5 koloko m'mawa. Mkulu wake, alamu anga a Lenia, anatseka chitseko n'kumumwetsa mwanamphepo, mankhwala azitsamba ofulumizitsa kubereka. Dzuwa lili paliwombo mwana asanabadwe, a Lenia anatuluka n'kundiuza pamaso pa anthu: "Alamu, njira mwatseka ndinu. Tchulani akazi onse amene mwayenda nawo, mwana atuluke."

Aphungu, ndinalibe chibwenzi. Ngakhale ndikanafuna, nkhope yangayi siikanalola. Ndinapempha kuti tithamangire naye kuchipatala. Anati mkamwini salamula mbumba ya eni. Pofika 3 koloko ndinapeka mayina atatu a akazi oti sanabadwe n'komwe. Mwana anabadwa 6 koloko, wolefuka, wosalira. A Lenia anamuzondotsa, kumuthira madzi a mumtsuko, n'kumamenya mbale kukhutu kwake. Analira patatha mphindi khumi ndi imodzi. Ndinaziwerenga ndili pakhonde.

Mwanayo, Richard, lero ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Sayenda, salankhula, ndimamudyetsa ndine. Adokotala anati ubongo wake unasowa mpweya pobadwa. A Lenia amangoti, "Akanaulula msanga." Fainess naye akakwiya amandifunsabe za Eneless, mkazi amene ndinamulenga ndekha.

Tsopano mwana wathu Felista ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, mimba yoyamba. A Lenia atsuka kale mphika wa mankhwala, ndipo mwamuna wake wa Felista, Laston, ndamupeza akuloweza mayina. Ndalemba kalata ya masamba khumi ndi awiri yoti ndiwerenge pamaso pa mbumba yonse mpaka a Lenia apepese. Ndiiwerenge liti?

L.K., Chiringa

Bambo L.K.,

Pepani. Munalakwiridwa, ndipo Richard analakwiridwa koposa. Koma kalatayo iyambe yagona pansi pa matiresi. Mukaiwerenga lero, mbumba iima kumbali ya a Lenia, ndipo Felista adzamuchiritsira m'nyumba yomweyo pofuna kukukhaulitsani.

Mimba siimva mayina. Mwana akachedwa, mwina wagona mopingasa, mwina mutu wakulira njira, ndipo nthawi ikamapita ubongo umasowa mpweya. Mwanamphepo amafinya chiberekero mopitirira muyezo, mwana n'kubanika kwambiri.

Yambani ndi Fainess. Ndi amene wabereka Richard kumsana zaka zonsezi, sakufunika masamba khumi ndi awiri kuti amve. Iyeyo akalankhule ndi atsibweni ake a Felista, poti mawu anu akuti ndi a mlendo. Laston asiye kuloweza, aperekeze mkazi wake kusikelo sabata ino, akafunse tsiku loyamba kudikirira kuchipatala. Kumeneko anamwino amamvetsera mtima wa mwana ali m'mimba. Akabadwa osalira amamupukuta, kumufunditsa ndi kumupopera mpweya ndi kachipangizo m'mphindi yoyamba yomweyo. Zozondotsa, madzi ozizira ndi zomenya mbale, ayi. Mwana si mpheta za m'munda wa mapira. Akamalephera kuyamwa kapena akamakomoka, anamwino adziwe nthawi yomweyo.

Chenjerani ndi ichi: a Lenia asakhale odikirira wodwala. Kabotolo ka mwanamphepo kamakwana bwinobwino pamfundo ya chitenje. Ndipo wina akadzafunsa mayina, Laston atchule limodzi lokha, la namwino amene ali pa ntchito.

Kalata yanuyo mudzaitulutse mdzukulu atalira. Ndikupemphera kuti adzalire wotchi yanu isanawerenge kanthu, ndipo alire mokweza mpaka inu nomwe muiwale pamene munalekezera.