Batani Lopanda Dzina

Lolemba, 3 Marichi

Chikuto chatha. Katoni ya nsapato, ndaikuta ndi nsalu ya jekete ya malemu bambo, ija yopitira kuntchito. Masamba makumi anayi, osoka pamanja, chala chachita kutupa. Makasitomala adikire kaye ndi madiresi awowo, safa.

Buku la banjali ndinadziputira ndekha, phuma langali. Achimwene akufuna liwerengedwe pa 16, tikakumana kukumbukira chaka chimodzi bambo atatisiya. Andibweretsera chitini cha mabatani chija. Kwathu munthu akamwalira timachotsa batani limodzi pa chovala chake, kulikulunga m'kapepala, kulembapo dzina. Aliyense akhala ndi tsamba lake, batani pamwamba, nkhani pansi.

Lachiwiri, 4 Marichi

Ndawerenga katatu. Omwalira athu ndi khumi. Mabatani ndi khumi ndi limodzi.

Lotsalalo ndi laling'ono, lobiriwira, la diresi ya mtsikana. Kapepala kake mbee, kopanda dzina. Enawo anawamasula bwinobwino, koma ili analidula ndi nsalu yomwe, mokhotakhota. Ine ndine telala, dzanja lonjenjemera ndimalidziwa.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndaimbira achimwene. Akuti mwina linangogweramo, nditaye. Kugweramo lili lokulunga kale? Akuti ndisiye kufunsa ngati wapolisi. Asanadule foni anandifunsa ngati ndaonetsa wina.

Masana ndalemba tsamba la amayi. Ndaikamo nkhani ya njinga, mmene anagwera n'kuthyoka mkono, uja unapola mokhota. Bambo ankakonda kuikamba tikudya, tonse n'kumafa ndi phwete. Ndikulemba ndakumbukira kuti amayi sankaseka. Ankangotola mbale.

Loweruka, 8 Marichi

Kuchipatala kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo. Pa akuluakulu onse atsala okha. Atha, angotsala maso, koma pakamwa mpeni. Akuti, "Telala wanji iwe, diresi yako yomwe yokuthina." Tinaseka.

Nditawaonetsa batani lija anatembenukira kukhoma. Ndinadikira mpaka namwino anayamba kutulutsa alendo. Ndikunyamula chikwama anandigwira mkono. "Ubwere Lachiwiri, wekha. Achimwene ako asadziwe."

Mtima sukukhala pansi. Mulungu awasunge mpaka Lachiwiri.

Lamlungu, 9 Marichi

Amayi a khomo loyandikana akuti achimwene anabwera ndili kunja, anagwedeza chitseko, anasuzumiranso pawindo la chipinda chosokera. Buku linali m'chikwama mwanga.

Lachiwiri, 11 Marichi

Ndilembe msanga ndisanaiwale liwu ndi limodzi.

Woyamba kubadwa kwathu si achimwene. Kunali mtsikana. Ine ndinali kumsana, mng'ono wanga asanabadwe n'komwe. Mkono wa amayi sinali njinga, anali bambo. Mtsikanayo, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anathamangira kupolisi, bambo anagonako masiku atatu. Atabwerako anasonkhanitsa banja pabalaza, kumuimika pakati, n'kupereka sizasi kwa achimwene, kamnyamata ka zaka khumi ndi ziwiri. Achimwene anadula batani pa diresi mtsikanayo ali chivalire. Bambo anati, "Uyu wafa lero. Womutchula amutsatira."

Ndinafunsa kuti anamwalira liti. Azakhali anati, "Ndani wakuuza kuti anamwalira? Amachapa zovala pa hotela ina, ulendo wa tsiku limodzi pa basi. Ali ndi zidzukulu." Anandiuza dzina lake ndi msewu wake. Anati iwonso analipo pabalaza paja, anangoyang'ana pansi, ndipo zaka makumi anayi zonsezi khosi lawo ndi lowerama.

Ndinalira m'basi ngati mwana. Ndakwiya, sindikudziwa ndiyambire yani. Jekete yomwe ndakutira bukuli ndikuiona ngati ndiing'ambe.

Lachitatu, 12 Marichi

Azakhali sakuyankhulanso. Namwino akuti tizingowanyowetsa milomo.

Lachinayi, 13 Marichi

Ndasoka batani lobiriwira pa tsamba lake, dzina pansi, zilembo zikuluzikulu. Nkhani ya njinga sindinang'ambe. Ndangojambula mzere pakati, zoona zake ndalemba m'mbali.

Ndinamuwerengera mng'ono wanga pafoni, poti iyeyo ndi ine sitibisirana kanthu. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako akuti, "Achemwali, mukufuna bambo tiwaike m'manda kachiwiri? Nyumba tikukhalayi anamanga ndani?" Ndinati nanga amene akuchapa zovala za eni uja si wathu? Akuti mphika ukupserera.

Pasanathe ola achimwene aimba kasanu. Sindinayankhe. Ndikuchita mantha, ndisaname.

Loweruka, 15 Marichi

Achimwene afika m'mawa ndikusita. Anakana mpando. Anawerenga tsambalo ali chiimire, imvi zonsezo koma nkhope ya kamwana.

Anati, "Ukuganiza ndinaiwala? Nsalu ija ndimaimvabe pa zala. Chotsa tsambali, mawa tiwerenge zabwino, anthu abalalike mu mtendere."

Ndinati ndasoka ndi ulusi wophatikiza, likachoka limenelo buku lonse limasuka. Ndinatinso Lolemba ndikukwera basi kupita kwa achemwali athu aja, ngati akufuna tipitire limodzi. Ndinaona ngati avomera, ndithu, anayang'ana pakhomo nthawi ndithu.

Kenako anatenga sizasi yanga patebulo. Juzi yanga yofiira inali pa mpando. Anadula batani la pakhosi, bwinobwino, osakhudza nsalu. Analikulunga m'kapepala ka miyeso ya kasitomala, kuika m'thumba la malaya, n'kutuluka osatseka chitseko.

Ndinazimitsa simbi. Ndinaimbira mng'ono wanga. Foni inalira kawiri, iye n'kudula.