Jombo ya Fatsani

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumene munapitako? Ife kuno ku Cape Town tilipo. Ndimafuna kulemba kuti tili bwino, koma inu munkandigwira bodza ndisanatsekule n'komwe pakamwa, ndiye ndingoti tilipo.

Ndiyambe ndi zokoma. Mpongozi wanu Alinafe anachira mu Ogasiti, mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu, Esitere. Mphuno ndi yanu, ukali ndi wanunso. Akayamba kulira, eni nyumba athu kuno ku Wallacedene amagogoda pa malata kufunsa ngati tikumutsina. Ku Ntcheu achemwali anakolola kachewere wambiri m'munda wanu wa kumtunda uja, chimanga chokha ndicho chinadyedwa ndi mbozi. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, koma mmodzi fisi anatenga. Chiliza sitinakuikirenibe, musatikwiyire.

Tsono khalani pansi, Amayi, nkhani ndi ya Fatsani. Mukukumbukira m'chipatala muja, mutandigwira pamkono ndi zala zanu zowonda, munati, "Mng'ono wakoyu um'tenge ku Joni, koma udzam'bweze ali wathunthu." Ndinavomera. Ali moyo, ndayamba ndi pamenepo kuti mtima wanu usathamange. Zotsalazo ndikuuzani mmene zinayendera, ndipo sindidzibisa.

Ndinam'pezera ntchito komwe ndimagwira ine, pa saiti ina ku Montague Gardens, komwe tikumanga chinyumba chosungiramo katundu, chachitali kuposa tchalitchi cha kwathu. Kapitawo wathu ndi a Chimwaza, mwana wa a Nachisale, anzanu a mvano aja. A Chimwazawo mukuwadziwa, ndi omwe anatsogolera nyimbo pa maliro anu. Iwo amakonda kulemba anyamata akwathu, ndipo amanena poyera chifukwa chake: akuti Mmalawi sakana.

Kuno makampani a zomanga amatseka pakati pa Disembala mpaka Januwale, kuti anthu akadye Khirisimasi kwawo. Sabata yomaliza imakhala ya misala. Mwini nyumba amafuna denga, mwini kampani amafuna kunyanja ndi ana ake, ndipo onsewo amakalipira a Chimwaza, a Chimwaza n'kudzakalipira ife. Pa kontena yomwe timasungiramo zida anatimatira chipepala cholangiza kusamala pa nyengo ya tchuthi, chili ndi chithunzi cha anthu ovala majekete m'dziko lozizira. Tinkachiseka, chifukwa kuno Disembala ndi dzuwa loswa mtengo ndi chimphepo chochokera kunyanja chomwe chimagwetsa munthu pa njinga.

Pokwera padenga timavala hanesi, malamba okulunga pachifuwa ndi m'ntchafu, okhala ndi chingwe ndi ngowe yachitsulo. Ngoweyo uyenera kuikola ku waya wa padenga kuti ukaterereka ulendewere. Koma kukola ndi kukolola pa sitepe iliyonse kumachedwetsa, ndipo wochedwa saitanidwanso mu Januwale. Ndiye ife akwathu tili ndi nzeru yathu yopusa: ngowe timaikola pa lamba wathu womwe, pachifuwa. Munthu ali pansi amaona chingwe chikulendewera n'kumati wamangirira. Amene anaphunzitsa Fatsani zimenezi ndine, Amayi, tsiku lake loyamba. Ndinam'kolera ndi dzanja langa, n'kumusisita paphewa.

Linali Lachinayi, mawa lake tikutseka. Mphepo inayamba m'mawa, mapepala a simenti akuuluka ngati akhwangwala. Kunatsala malata ochepa kumapeto kwa denga. Anzathu Achixhosa anayang'ana kumwamba, n'kukhala pansi pa njerwa. Mmodzi anati, "Hayi, asinyuki," kutanthauza kuti sitikwera. Anatero basi, osakweza ndi mawu omwe.

A Chimwaza anatembenukira kwa ife. "Asiyeni awa, kwawo ndi konkuno. Koma inu ana akwathu simungandichititse manyazi pamaso pa bwana. Ganizani, tenga mng'ono wako ndi Yusufu, kamalizeni. Ola limodzi basi."

Yusufu ndi mnzanga wa ku Mangochi, bambo wa ana anayi, munthu wosalankhulalankhula. Anandiyang'ana, kudikira kuti ndinene kanthu. Fatsani nayenso anandiyang'ana. M'mutu mwanga munkamveka mawu anu aja, akuti kwa eni kulibe mkuwe, ndi ena aja omwe munkatiuza tikamanyinyirika kupita ku chigayo: wamkulu akakutuma, imayankha ndi miyendo, osati pakamwa. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Chabwino, bambo."

Tinakhoma malata atatu bwinobwino. Lata lachinayi tinalinyamula ine ndi Fatsani, iye kumbali ya kumapeto. Mphepo inalowa pansi pake. Linandisomphoka m'manja, linang'amba magolovesi ndi zikhatho zomwe, linaima chilili, kenako linam'menya Fatsani m'mbali mwake ngati chikwanje. Ndinamva nsalu ikung'ambika, ndinaona ntchafu ikutseguka, yoyera kaye kenako yofiira. Anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, pa sitepe yachitatu panalibe denga. Chingwe chake chinapita naye, ngowe ili pachifuwa pomwe ndinamuonetsa ine.

Sanakuwe. Ndinangomva kugunda kawiri, koyamba pa chitsulo cha sikafodi, nsanja yomwe timakwerapo pomanga, kachiwiri pansi.

Mmene ndinatsikira sindikudziwa. Ndinam'peza chagada, theka pa mchenga theka pa mulu wa njerwa. Mwendo wamanja unali utapindika pomwe palibe bondo, fupa litaboola ovolosi. Magazi a pantchafu ankatumphuka motsatira mtima, mchenga n'kumamwa. M'kamwa munali thovu lofiira, maso ali pa ine.

A Chimwaza anafika akuthamanga, nkhope ili mbuu. Sanagwade. Anayang'ana kugeti, anayang'ana ku ofesi, kenako anati chapansipansi, "M'vuleni hanesi, ovolosi ndi jombo. Tim'kweze m'baki, kumbuyo kwa galimoto ya katundu ija, tikam'siye pa kiliniki. Mukanene kuti wagundidwa ndi galimoto pamsewu. Ikabwera ambulasi pano pabwera apolisi, ndipo iwe Ganizani mapepala ako anatha kalekale. Mukufuna tonse tikadyere Khirisimasi m'chitokosi? Fulumira."

Apa ndi pomwe pakundivuta kulemba, Amayi. Ndinamvera. Mwana wanu woyamba, bambo wa Esitere, ndinagwada m'magazi a mng'ono wanga n'kuyamba kumasula zingwe za jombo. Ndinamasula mfundo, ndinagwira chidendene, ndinakoka. Phazi linabwera ndi jomboyo, mwendo unatalika m'manja mwanga, ndipo Fatsani anakuwa kukuwa komwe sindinamvepo kwa munthu. Atapeza mpweya anati, "Achimwene, mukundipha."

"Koka iwe, nthawi ikutha," anatero a Chimwaza, atandigwira pakhosi pa malaya.

M'thumba langa la kumbuyo munali sipanala ya sikafodi. Ndinaimirira nayo. Yoyamba inawapeza a Chimwaza pakamwa, ndinamva mano akuthyoka ngati chimanga chokazinga. Anagwa chokhala, akulavula, n'kutola njerwa kundigenda nayo pamwamba pa diso. Sindinamve kanthu. Ndinawakhalira pachifuwa, ndinawamenya ndi chibakera, ndi mutu, ndi sipanala yomweyo paphewa mpaka china chake chinalira mkati. Ndinkawatchula mayina omwe simunandiphunzitse inu. Ndinakweza dzanja kuti ndiwaswe mutu, ndipo ndikanawaswa, sindikunama. Anandigwira ndi Achixhosa aja, anthu atatu, wina atandipinda khosi mpaka ndinaona mdima.

Pomwe ine ndinkamenya munthu, Yusufu ndiye ankapulumutsa mwana wanu. Anadula lamba wa hanesi ndi mpeni, anamanga ntchafu pamwamba pa bala, analowetsa kachitsulo n'kupotokola mpaka magazi anasiya kutumphuka. Kenako anagwira mutu wa Fatsani ndi manja awiri, n'kuuza aliyense woyandikira kuti, "Munthuyu sasuntha pano. Wofuna kum'nyamula ayambe wanyamula ine." Mayi wolondera pageti anali ataimba kale foni, osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Ambulasi inatenga anthu awiri, Fatsani ndi a Chimwaza.

Adokotala anati msana unali ndi mng'alu, ndipo tikanam'ponya m'baki muja sakanadzukanso pabedi, mwinanso sakanafika n'komwe. Msanawo akuti upola. Mwendo anaudula Loweruka, m'munsi mwa bondo. Ndinawafunsa adokotalawo ngati kukoka kwanga kuja ndiko kunaumaliza. Anati unali utaphwanyika kale. Mwina amanena zoona, mwina anangondimvera chisoni poona bandeji ya pamaso panga, ine sindikudziwa.

A Chimwaza anatuluka m'chipatala, alibe mano anayi, mkono uli pa nsalu yokoleka m'khosi. Kupolisi sanapite, akudziwa chomwe akuopa. M'malo mwake atuma akuluampingo kunyumba kawiri. Akuti ndikapepese, popeza ndinamenya munthu wamkulu, ndipo a boma oona za ntchito akadzabwera mu Januwale ndidzanene kuti Fatsani anakwera yekha osatumidwa. Ndikapanda kutero, akuti za mapepala anga zidzafika koyenera. Alinafe anawaphikira akuluwo tiyi, anamwa, ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Kumenya kuja ndinalakwa, ndipo ndikuvomera pamaso panu. Koma bodza lomwe akufunalo sindinawalonjeze.

Pa Khirisimasi tinapita kuchipatala ndi mpunga wa nkhuku. Fatsani anadya pang'ono, anam'nyamula Esitere pachifuwa, anaseka mwanayo atam'koka ndevu. Kenako anayang'ana pomwe bulangeti laphwa, n'kunena kuti, "Bola amayi sanaone." Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo zimenezo zikundiwawa kuposa njerwa ija.

Iye akuti bola simunaone, koma ine ndati mudziwe. Ndakhala ndikukangana nanu mumtima masiku onsewa, Amayi. Munatilera bwino, palibe anganene kuti ana a Esitere ndi amwano. Munatiphunzitsa kugwada, kulandira ndi manja awiri, kuyankha ndi miyendo. Koma simunatiuze tsiku lokana. Achixhosa aja anakana ndi mawu awiri, ndipo apita kwawo ndi miyendo yawo yonse. Ine ndinali ndi pakamwa pomwepo, sindinapagwiritse ntchito, kufikira dzanja linadzayankha mochedwa. Sindikukuimbani mlandu. Munkanenanso inu nomwe kuti kuthamanga si kufika, ndipo amenewo ndinawaiwala ndekha.

Jombo ija ili pansi pa bedi langa. Anam'vula ndi a ambulasi, ndipo ndinapezeka nayo m'manja iwo atapita, zingwe zili chimasulire. Alinafe akuti ndiitaye, ikununkha. Sinditaya. A boma akadzabwera ndidzaiika patebulo pawo, n'kuwauza zonse: amene anatituma pamphepo, amene anati tim'vule, amene anamvera, ndi amene anaphunzitsa Fatsani kukola ngowe pachifuwa. Ndidzanena anyamata akwathu onse akumva, chifukwa mpaka lero akukolabe choncho. Akafuna kundikweza basi ya ku Mwanza chifukwa cha mapepala, andikweze.

Munati ndidzam'bweze ali wathunthu. Ndalephera, Amayi, ndikhululukireni. Chomwe ndingalonjeze tsopano ndi ichi: ndidzam'bweretsa ndekha, ndipo pa chitunda cha kumanda paja, pomwe ndodo sizingakwere, ndidzam'bereka kumsana kufikira pomwe mwagona. Esitere ndidzam'phunzitsa kugwada monga munkafunira. Koma tsiku lomwe adzandiyankhe koyamba kuti ayi, sindidzam'menya.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri chaka chino.

Ndine mwana wanu,
Ganizani