Mchere wa pa Sosala

Liwonde, Machinga
17 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali anga a Sabina,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno dzuwa likuotcha ngati tinalilakwira, koma ine ndikulemba kalatayi ndikuseka ndekha. Zimene munamva zoti banja langa likutha zinali zoona, kungoti wokuuzaniyo anachoka gule asanathe.

Ndiyambe ndi kuulula. Mu Julayi ine ndi amuna anga a Feston tinagwirizana kuti ndiyambe jakisoni wolera, poti mwana wathu womaliza Lydia anabadwa pa opaleshoni ndipo adokotala anati ndipume kaye. Anandinyamula okha pa njinga yawo ya kabaza, koma anandipempha kuti amayi awo asamve, chifukwa pambuyo pa atsikana atatuwa iwo akudikirabe mdzukulu wamwamuna.

Patapita masabata angapo ndinayamba kuona timadontho ta magazi a bulauni, ngati madzi a dzimbiri, masiku anga atadutsa kale. Lero tabwera, mawa zii, mkuja tabweranso. Achemwali, maganizo anga anathamangira kwa amayi. Mukukumbukira kuti nawonso zinayamba chonchi mpaka tinawaika m'manda. Ndinachita mantha moti sindinauze munthu, ngakhale a Feston amene. Za jakisoni sindinaziganizire n'komwe.

Mwambo wokha ndinasunga. Mwa malangizo a kuchinamwali aja, mkazi ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo, ndiye ndinkauika pa sosala kuti aliyense azidzithirira. Tsoka ilo, nthawi yomweyo apongozi anabwera kuchokera kwawo ku Balaka kudzalandira mankhwala a miyendo. Miyendoyo ndi yodwaladi, koma maso alibe vuto. Sabata yoyamba sanalankhule. Yachitatu ankati akaona sosala n'kutsokomola. Yachisanu anaitanira mwana wawo kuseri kwa nyumba n'kumuuza kuti palibe mwezi wa masabata asanu, ndipo mkazi woopa mchere chotere ndiye kuti wayenda ndi mwamuna wina, akuopa kudula bambo ndi ana ndi matenda a mdulo.

Apongozi sanandipweteke kwenikweni. Anandipweteka ndi a Feston, amene nditawafunsa ngati akukhulupirira zimenezi anangoyang'ana pansi, amvekere amayi awo ndi akuluakulu, amadziwa zinthu. Zaka khumi ndi chimodzi tili limodzi, achemwali. Ndinalira, sindibisa. Uthenga unapita kwa ankhoswe kuti abwere Loweruka.

Ndinaona kuti kukhala chete kundithetsera banja matendawo asanandiphe, ndiye Lachinayi ndinalawirira kuchipatala. Namwino wake, a Yasmin, anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anati magazi a bulauni nthawi zambiri ndi magazi akale ochedwa kutuluka. Amatha kubwera chifukwa cha njira zolera, mimba yongoyamba, kapena nthawi imene dzira likukhwima, komanso nthawi zina chifukwa cha matenda opatsirana kapena khansa ya khomo la chiberekero, n'chifukwa chake sitimangoganizira. Anandiyeza zonsezo. Mimba palibe, matenda palibe, khomo lili bwinobwino. Atatsegula buku langa lachipatala n'kuona tsiku la jakisoni anati, "Wakuba wanu ndi uyu, mayi. Miyezi yoyambirira amatero ndithu, ndipo sikusamba kumeneku ayi." Anawonjezera kuti zimenezi anatiuza tsiku lomwe lija, koma ine tsikulo makutu anali pakhomo, kuopa kuonedwa ndi a kumpingo.

Loweruka anthu anakhala pakhonde: atsibweni athu a Chester ngati nkhoswe yanga, komanso nkhoswe ya kuchimuna, apongozi ndi a Feston. Apongozi anabweretsa sosala ija n'kuiika pakati ngati mboni. Anayankhula nthawi yaitali. Atsibweni atandipatsa mpata, ndinatulutsa buku lija m'chitenje n'kulipereka kwa a Feston.

"Bambo a Lydia, werengani mokweza tsiku limene lili apali, ndipo muwauze amene anandinyamula pa njinga tsiku limenelo."

Munthu uja thukuta kamukamu. Anawerenga ngati mwana wa Sitandade 2, kenaka anati, "Amayi, ndinali ine. Jakisoniyo tinagwirizana tonse, ndine ndinati tikubisireni."

Ndinafotokoza zonse zimene a Yasmin ananena, n'kuululanso za mantha anga ndi za imfa ya amayi. Atsibweni anapukuta m'maso, paja amayi anali mlongo wawo. Kenaka anafunsa apongozi ngati mlandu ulipobe. Apongozi anayang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iyayi," anatero. "Wabodza ndabereka ndine. Mkaziyu amatisunga."

Achemwali, masana amenewo ndinaphika utaka wa tomato, n'kuitana onse kuti aone dzanja langa likuthira mchere. Chifukwa cha chimwemwe ndinapyoletsa, ndiwo zinawawa zedi. Palibe anadandaula. Apongozi anadya mpaka kunyambita zala, ndipo a Feston anamwa makapu atatu a madzi. Anapepesa pamaso pa ankhoswe, ndawakhululukira, ngakhale kuyang'ana pansi kuja sindinakuiwale. Za mdzukulu wamwamuna apongozi sanazisiye, koma tsopano amakalipira mwana wawo.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Inu ndi amene munkachapa nsalu za amayi, ndipo ndikudziwa kuti kuyambira pamenepo mumaopa ngakhale kudutsa pa geti ya chipatala. Pitani mukayezetse khomo la chiberekero. Sizitenga nthawi, ndipo manyazi ake ndi a mphindi zochepa. Amayi anabisa chaka chathunthu, ine masabata asanu okha ndinatsala pang'ono kutaya banja. Tatsala awiri, musandisiye ndekha.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Adzukulu a amayi kuno akupereka moni, apongozi nawonso ati ndikupatseni moni, ndipo anena okha osawakumbutsa. Sosala ija ndaisunga. Mukabwera pa Khirisimasi mudzamwerapo tiyi, koma mudzayambe mwandionetsa buku lanu lachipatala.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Luckness